Ng'ona Yakhuta, Koma Yadya Chiyani?

Akuluakulu amene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli masewero otchedwa kiriketi, komatu akanakhala moyo lero, mabungwe a masewerowa ku India ndi ku England akanawalemba ntchito yosankha osewera, n'kuwapatsa galimoto ndi alawansi yakeyake. Mkangano umene umabuka chaka ndi chaka ndi womwewo. Mnyamata wameza anzake onse mumpikisano wa m'dziko mwake, uja wa tsiku limodzi wa ma over 50 mbali iliyonse. Kodi akavala yunifolomu ya dziko n'kuima pamaso pa oponya mpira a ku Australia, adzamezanso kapena adzamezedwa? Ochemerera amaloza manambala n'kumatukwana osankha timu pa intaneti, osankhawo amangoti tikumuyang'anabe. Mbali yanga ndi yakuti manambalawo sanama, kungoti amayankha funso limene sitinawafunse. Amatiuza kuti ng'ona yakhuta, koma satiuza ngati yadya ng'ombe kapena achule.

Mu November 2022, mumpikisano wa Vijay Hazare Trophy ku India, Narayan Jagadeesan wa timu ya Tamil Nadu anamenya ma run 277 pa mipira 141 yokha, nambala imene munthu anali asanaifikepo pa kiriketi ya tsiku limodzi. Aka kanali kachisanu motsatizana kupitirira ma run 100. Timu yake inathera pa 506. Munthu akamva zimenezi amafuna kukagula tikiti ya ndege kuti mnyamatayo akafike msanga ku timu ya dziko. Koma funsani kuti ankamenya ndani. Inali timu ya Arunachal Pradesh, ya kumapiri a kumpoto chakum'mawa, imene inangolowa mumpikisanowu mu 2018, ndipo itapatsidwa mpata womenya inatha yonse pa 71. Mpikisanowu uli ndi matimu 38, ndipo m'dziwe lotere mumakhala mbidzi zingapo ndi achule ambirimbiri. World Cup ya 2023 inachitikira ku India konko Jagadeesan akuonera ngati wina aliyense. Mbiri imene Jagadeesan anaphwanya inali ya Ali Brown wa Surrey, yemwe mu 2002 anamenya 268 pa bwalo la The Oval. Tsiku limenelo Surrey inapeza 438, Glamorgan n'kuyankha 429, kusonyeza kuti aliyense wodziwa kugwira chomenyera ankadya nawo phwandolo. Brown anasewerera England magemu 16 a tsiku limodzi ndipo avereji yake inali cha m'ma 22.

Chifukwa chake sichozizwitsa. Pa kiriketi ya ma over 50, woponya mmodzi saloledwa kupitirira ma over 10, ndiye timu iliyonse imafunika oponya osachepera asanu. Timu ya chigawo ikakhala ndi mwayi imakhala ndi awiri oopsa, atatu enawo ndi anthu abwino ndithu, amakhalidwe, okonda mabanja awo. Womenya wochenjera amangozemba awiri aja, kukankhira mpira apa ndi apo, kudikira kuti abwere wachinayi ndi wachisanu, pamenepo ndiye amatsegula kukamwa. Ku timu ya dziko kulibe womudikira, chifukwa woponya wachisanu naye ndi ng'ona ya dziwe lina. Kuwonjezera apo, kuli anyamata a makompyuta amene ntchito yawo ndi kuonera mavidiyo usiku wonse kufufuza pamene munthu amapunduka. Akazindikira kuti mpira wothamanga wolunjika m'nthiti umakusowetsa mtendere, udzaudya m'mawa, masana ndi madzulo, kuyambira Perth mpaka Johannesburg. Kwanu chilema chimenecho chinabisala zaka zisanu chifukwa panalibe woponya mwaliwiro lokwanira kuchiulula.

Apa wina anena kuti ngati zili choncho, mabuku a manambala atenthedwe, osankha azingodalira diso. Ndipo dzina limene amathamangira kutchula ndi la Graeme Hick. Iyeyu anabadwira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, anali m'gulu la Zimbabwe ku World Cup ya 1983 ali ndi zaka 17, kenako anakakhazikika ku Worcestershire kumene anachita zoopsa, kuphatikizapo 405 osatuluka pa Taunton mu 1988. Anthu a ku England anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti malamulo amulole kuwasewerera, akuwerenga masiku ngati a malipiro. Atayamba mu 1991 anakumana ndi Curtly Ambrose wa West Indies, ndipo phwando linathera pomwepo. Pa ma Test 65, magemu a mayiko a masiku angapo, avereji yake inali 31, nambala yochititsa manyazi kwa munthu amene anapitirira ma run 100 nthawi 136 pa kiriketi ya masiku angapo. Zonsezi n'zoona, koma otchula Hick amaiwala mwadala kuti nkhani yathu ndi ya tsiku limodzi. Pa magemu 120 a mtundu umenewu amene anasewerera England, avereji yake inali 37, yabwino ndithu pa nthawi imeneyo, ndipo ma run ake 83 pa semifainolo yolimbana ndi South Africa ndi amene anathandiza kufikitsa England mu fainolo ya World Cup ya 1992. Mboni ya otsutsa manambala yasanduka mboni ya manambala. Michael Bevan wa ku Australia ndi chimodzimodzi: pa ma Test analephera, koma zimene ankachita kwawo pa kiriketi ya tsiku limodzi anazichitanso m'magemu 232 a dziko, avereji yake n'kupitirira 53. Kusiyana kwake ndi Jagadeesan n'kwakuti dziwe la ku Australia linali ndi matimu asanu ndi limodzi okha, ndipo aliyense wokwera mu timu ya chigawo anali atameza kale anthu kuti afike pamenepo.

Otsutsa ali ndi mboni ina yolimba, Marcus Trescothick. Manambala ake ku Somerset sanali oti munthu n'kuimika galimoto, koma Duncan Fletcher, nayenso wa ku Zimbabwe, anamuona akumenya 167 mu 1999 pamene Fletcheryo ankaphunzitsa Glamorgan. Atakhala mphunzitsi wa England anamuitana mu 2000, ndipo mnyamatayo anadzapitirira ma run 100 nthawi 12 pa magemu a tsiku limodzi. Nkhaniyi imakoma kufotokoza, ndipo aphunzitsi amaikonda chifukwa imawaonetsa ngati alosi. Koma taonani zimene Fletcher anachita. Sanalote maloto, anakhala m'mbali mwa dziwe n'kuona ndi maso ake chimene ng'onayo inkadya, popeza oponya amene ankamenyedwawo anali ake omwe ndipo ankadziwa mphamvu zawo. Kumeneko ndiye kuwerenga manambala moyenera. Komanso diso lili ndi mwayi umodzi umene buku lilibe: likalakwitsa palibe amasunga risiti. Anyamata amene anasankhidwa chifukwa choti amayenda ngati akatswiri, n'kusowa pambuyo pa magemu atatu, mayina awo sawatchula pa maphwando.

Mwambi uja uli ndi mbali ina imene osankha timu safuna kuimva. Kuti mwana wa ng'ona akulire m'maiwe ambiri, pafunika wina amutsegulire njira. Cheteshwar Pujara ali ndi avereji ya cha m'ma 57 pa kiriketi ya tsiku limodzi, imodzi mwa zapamwamba kwambiri m'mbiri ya masewerowa, koma India inamupatsa magemu asanu okha, anapeza ma run 51, chitseko n'kutsekedwa. Anthu anali atagamula kale kuti ameneyu ndi wa ma Test, amamenya ngati akuyembekezera minibasi. Mu 2022 anapita ku Sussex n'kukamenya ma run 624 mumpikisano wa tsiku limodzi, kuphatikizapo 174 polimbana ndi Surrey, mwaliwiro lodabwitsa ngakhale achibale ake. Magemu asanu sangatiuze ngati akanatha kapena ayi. Karun Nair wa Vidarbha naye, mu Vijay Hazare ya 2024 mpaka 2025, anapeza ma run 779 n'kutulutsidwa kawiri kokha, avereji n'kufika 389, nambala yooneka ngati wolemba anagona pa kiyibodi. Ku Champions Trophy sanapite, ndipo India inakatenga chikhocho popanda iye. Wofuna kunena kuti osankha analondola anena, wofuna kunena kuti Nair anaponderezedwa anenanso, ndipo palibe angawagonjetse awiriwa chifukwa mayesowo sanalembedwe. Kafukufuku aliyense wa nkhaniyi amapunthwa pomwepa: amawerenga okhawo amene analowetsedwa m'nyanja, pamene ambiri anakalambira m'mbali mwa dziwe atanyamula manambala awo m'manja.

Koma ochita kuposa onse ndi a ku England. Atatenga World Cup mu 2019, patadutsa zaka ziwiri anayambitsa mpikisano wa The Hundred, wa mipira 100 mbali iliyonse, n'kuuika pa nyengo yomweyo ndi mpikisano wawo wa ma over 50. Osewera onse otchuka anathamangira kumene kuli ndalama ndi makamera, ndipo wa ma over 50 unatsala ndi ana ongoyamba kumene komanso madoda oyandikira kupuma. Zotsatira zake, Harry Brook anayamba kusewerera England magemu a tsiku limodzi mu January 2023 asanasewere gemu yotere ku Yorkshire chiyambire 2019, moti ntchitoyo ankaiphunzirira pamaso pa woponya wa South Africa Kagiso Rabada ndi anzake. Kumapeto kwa chaka chomwecho England inapita ku India kukateteza chikho chake, inapambana magemu atatu okha mwa asanu ndi anayi, inagonja ngakhale kwa Afghanistan, ndipo inathera pa nambala 7 mwa matimu khumi.