Mmene mungatayire dzino lomwe likanapulumuka

Yambani ndi shuga, ndipo muzimudya pafupipafupi: tiyi wa masipuni anayi m'mawa, switi m'minibasi, Fanta masana, Sobo madzulo. Shuga akangolowa m'kamwa, tizilombo tokhala m'zoyanga za pamano timamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amadya chikuto cha dzino kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, malovu asanamuthetse mphamvu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga woonjezera patsiku, pomwe chitini chimodzi cha Coca-Cola chili ndi pafupifupi 35. Usiku gonani osatsuka m'kamwa, chifukwa m'tulo malovu amachepa ndipo asidi amagwira ntchito popanda chomusokoneza.

Pakapita miyezi mudzaona kadontho kakuda pa dzino lotafunira, kenako lidzayamba kulasa mukamwa madzi ozizira. Apa mpomwe dzino limapulumukira: dokotala amachotsa powola, n'kumata, inu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Inu musapite. Sinthani mbali yotafunira. Wina akakufunsani, muyankheni kuti madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi muno, zomwe ndi zoona, poti ngakhale digiri ya udokotala wa mano idayamba kuphunzitsidwa mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Musatchule kuti zipatala zambiri za maboma zili ndi chipinda cha mano chomwe mukadayesako.

Bowo likafika pa mtsempha, tulo timatha. Dzino limagunda usiku wonse, ululu n'kumakwera mpaka kukhutu. Tengani aspirin mumusomeke pa nkhama. Sadzafika pa mtsempha, koma adzawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera. Anzanu akakuuzani za asidi wa batire kapena mafuta a mabuleki, amvereni, ndipo mudzapsa tsaya ndi lilime. Ena adzakulozerani kwa munthu wofukiza mankhwala yemwe amatulutsa mbozi m'dzino n'kukuonetsani m'mbale. M'dzino simukhala mbozi, koma lipirani. Gulaninso makapusozi anayi a amoxicillin kwa wogulitsa pamsika, mumwe masiku awiri n'kusiya. Mankhwalawo salowa m'dzino lowola, ndipo tizilombo topirira ndi tomwe timatsala.

Tsiku lina mudzadzuka ululu utatheratu. Pamenepa mpomwe anthu ambiri amanamizidwa, ndipo zimandipweteka kuona munthu akuthokoza mankhwala a pamsika pa chinthu choterechi. Ululu watha chifukwa mtsempha wafa. Tizilombo sitinafe, tatsika ndi muzu kukalowa m'fupa la nsagwada, kumene tikupanga mafinya. Nenani kuti mwachira. Pa nkhama pakatuluka kachotupa kotulutsa madzi owawa ndi onunkha, kafinyeni ndi chala n'kupitiriza ntchito zanu. Ngakhale apa nthawi zina dzino limapulumukabe: dokotala amatsuka ngalande za muzu, kuzitseka, n'kumata pamwamba. Dikiranibe.

Tsaya likatupa, mangani kansalu kumutu. Kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano, malungo n'kubwera, kamwa n'kumakanika kuyasamula, malovu n'kumavuta kumeza, khalani kunyumba mpaka kuche. Kutupa kotereku kumakankhira lilime m'mwamba n'kutseka njira ya mpweya, ndipo anthu amafa nako, makamaka odwala matenda a shuga ndi omwe chitetezo cha m'thupi chidatsika. Wofuna moyo amathamangira kuchipatala usiku womwewo.

Pomaliza kuchipatala adzalizula dzinolo. Adzakupatsani thonje kuti mulume kwa theka la ola, n'kukuuzani kuti tsiku limenelo musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musasute fodya. Lavulani thonjelo pachipata, chukuchani mwamphamvu, yatsani ndudu. Magazi oundana omwe amaphimba fupa adzachoka, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu mudzamva ululu woposa woyamba uja.

Njira yomweyi imagwiranso pa mwana, ndipo kumeneko ndi yachidule. Dzino loyamba lotafunira la ukulu limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano onse a ubwana, popanda lina kuguluka. Chifukwa palibe lomwe laguluka, makolo ambiri amaliyesa la ubwana. Mukaliona labowoka, muuzeni mwanayo kuti lidzachoka lokha ndipo lina lidzamera. Mumpatsenso ndalama ya maswiti popita kusukulu. Akamadzafika Sitandade 5 adzakhala atalizulitsa, ndipo pamalo pamenepo sipadzameranso dzino.