Eni nyumba akufuna metikali, alamu akufuna ndiwo

Eni nyumba imene ndikuchita lendi kuno ku Mongue andiuza kuti mwezi uno ukamatha ndikhale nditasamuka. Sanakalipe ayi. Tinalonjerana bwinobwino, anafunsa za ana, kenaka anakweza maso n'kuyamba kuwerenga malata kuti aone ngati onse alipo.

Ngongole ilipo, sindikana, koma imvani mbali yanga. Ine ndimadyera njinga. Ndimamanga chimanga ndi nandolo pakaliyala n'kuolokera nazo ku Malawi, ndipo miyendo ikalola ndimafika mpaka ku Limbuli. Kumeneko amandilipira makwacha. Kale eni nyumba ankalandira makwachawo mosangalala, poti kuno kumalire sopo ndi shuga timagula mbali zonse ziwiri. Ndiye mu Novembala 2023 akuluakulu a ku Lilongwe anachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, osandifunsa ine. Kuyambira pamenepo eni nyumba akuti metikali basi. Ndikapita kwa anyamata osintha ndalama pa boda ya Muloza ndimapereka mpukutu wodzadza thumba, iwo n'kundibwezera timapepala toti mphepo ikaomba mwezi wonse wapita.

Komatu nkhani yeniyeni ili pabalaza, pamphasa, yayala miyendo. Ndikunena alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba.

Alamu anafika mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa nyumba yawo kumudzi. Anabwera ndi jumbo imodzi ndi kawailesi, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri. Anati akungodikira kuti nthaka iume aumbe njerwa. Nthaka inauma. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, chimanga chinapserera m'minda, zitsime zinaphwa, koma alamu akatuluka m'mawa amaponda pansi ndi chala chachikulu, n'kupukusa mutu: "Ikadali ndi chinyezi, alamu."

Amene simudziwa mwambo wa kuno mufunsa kuti bwanji osangowauza azipita. Kwa ife Alomwe ndi Amang'anja ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume awo, ndiye alamu omwewa. Ine ndine mkamwini chabe, wobwera. Chimene ndinachokera kumudzi kwa akazi anga n'kudzachita lendi pano chinali chomwecho, ndinkafuna pakhomo poti nanenso ndizikhosomola anthu n'kumva. Chikamwini chija chinangonyamula jumbo n'kunditsatira, ndipo tsopano ndikuchilipirira lendi.

Muwaone nthawi ya nsima. Madzi osamba m'manja amayambira kwa iwo. Mtanda woyamba ukutsika, maso ali kale pa wachiwiri. Kukakhala matemba a ku Chilwa amasankha onona okhaokha, amvekere akuchotsera ana minga, ngakhale sindinaonepo mwana akulandira nsomba yochotsedwa mingayo. Tsiku la kalongonda amadya mwakachetechete, akatha n'kunena kuti malemu amayi awo ankamuphika bwino kuposa apa. Foni yawo ili ndi malaini awiri, Movitel ndi TNM, ndipo onse awiri amadya m'thumba mwanga.

Usiku wina ndinayesa kunong'oneza mayi a kunyumba. Ndisanamalize n'komwe anadzuka n'kukhala tsonga.

"Bambo, mwaiwala 1986? Milange atalandidwa ndi Renamo, anandibereka kumsana ndani mpaka ku Malawi? Munalipo inu?"

Sindinalipo. Nkhaniyi imatuluka nthawi iliyonse ndikangotchula za ufa, ndipo mtunda umene anaberekedwawo umatalikirako chaka ndi chaka. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti nkhondoyo inatha mu 1992 atasainirana ku Rome, ndipo anthu pafupifupi miliyoni amene anathawira ku Malawi anabwerera kwawo, ena wapansi. Anthu miliyoni anatheka, munthu mmodzi wa pabalaza panga akukanika. Koma mawuwo ndinawameza, poti bulangete ndi limodzi ndipo kunkazizira.

Mlandu wa lendi unakafika kwa asekeletariyo a dera lathu. Ndinavala jekete la ukwati n'kukonzekera mfundo imene ndinaimva pa wailesi. Nditapatsidwa mpata ndinaimirira n'kunena kuti malinga ndi lamulo la malo la 1997, nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma, sigulitsidwa, choncho palibe munthu angathamangitse mnzake panthaka ya boma. Anthu ena anaomba m'manja, ine n'kukhala pansi mtima uli m'malo.

Eni nyumba sanaimirire n'komwe. "Zoona zimenezo, bambo. Nthaka ndi ya boma, muzigonapo mmene mungafunire. Ine ndingotengako malata anga, zitseko ndi njerwa."

Apa ndinatembenukira kwa mboni yanga, alamu, amene anabwera monga mwini mbumba. Anayamba ndi kuthokoza onse amene analipo, aliyense ndi udindo wake. Kenaka anati iwo sanganame pamaso pa akuluakulu: mlamu wawoyu ndi munthu wabwino mtima koma ndalama sazigwira bwino, moti ngakhale ndiwo pakhomopo zatsika kwambiri poyerekeza ndi mmene iwo ankafika. Anawonjeza kuti akhala akupirira chifukwa cha ana.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti masana onse ine ndikamakankha njinga m'zitunda, alamu ndi eni nyumba amakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo.

Chigamulo chinali chachidule. Ine ndi banja langa tituluke mwezi ukatha, ngongole ndizibweza pang'onopang'ono pa M-Pesa. Ndipo poti nyumba yopanda anthu akuba amazula mafelemu, eni nyumba anapempha alamu kuti atsale monga mlonda mpaka apezeke wina wolowamo. Alamu anaganiza kaye, n'kuvomera monyinyirika.

Ndinatuluka pabwalopo ndikumwetulira, anthu n'kumadabwa kuti munthu wothamangitsidwa akusekerera chiyani. Chimwemwecho chinathera panjira. Mayi a kunyumba anandiuza kuti kulikonse tikapeze nyumba kusakhale kutali, chifukwa mwana azikapereka nsima kwa amalume ake masana ndi madzulo. Alamu nawo anandigwira paphewa n'kundilimbitsa mtima kuti ulonda ndi wa usiku wokha, masana azidzacheza nafe monga mwa nthawi zonse, tisadandaule.

Ndiye abale anga owerenga, amene akudziwa nyumba yotsika mtengo, kaya kuno ku Mongue, kaya ku Majaua, kaya kuseri kwa phiri la Tumbine, yoti mwini wake amalandira makwacha ndipo sadziwa bawo, andipeze pamsika. Mundiitanire pambali n'kundiuza ine ndekha, musatumize uthenga kudzera kwa alamu.