Mazira ena ndinaikira ndine

Pa intavyu atandifunsa ngati Excel ndimaidziwa, ndinayamba ndaseka, kuseka kwa munthu woti zimenezi anazitha kalekale. Chonsecho Excel yanga inali yolembera ngongole za anthu otenga usipa kwa mayi anga aang'ono, dzina uku, ndalama uku, basi.

Ntchito inali ya kafukufuku wa likodzo pakati pa ana a sukulu kuno ku Chipoka, kumene mwana amadziwa kusambira m'nyanja asanadziwe a e i o u. A mu labu ankasefa mkodzo wokwana 10 ml n'kuwerenga mazira pa maikulosikopu. Akafika 50, imeneyo ndi heavy infection. Chimbudzi ankachiyeza mwa njira ya Kato-Katz, ndipo kumeneko nambala ya mazira umaichulukitsa ndi 24 kuti upeze a mu galamu imodzi. Yanga inali yongolowetsa zotsatira m'kompyuta n'kuona ngati zikumveka. Simple.

Zinayambira pa ma ID. Ndikalemba 0047, kompyuta imameza maziro n'kusiya 47, ndibwereze, yameza, ndimenye Enter mwamphamvu, yamezabe, mpaka ndinayamba kukayikira virus, kenako nzeru zinandibwerera zoti m'malo mwa ziro ndizilemba chilembo O, zinthu n'kukhala bwinobwino, ine n'kudziombera m'manja, osadziwa kuti tsopano palibe botolo ndi limodzi lomwe logwirizana ndi fayilo ya mayina.

Mabokosi opanda kanthu ankandinyansa m'maso, ndiye ndinawadzaza maziro. Ana onse amene sanabweretse n'komwe mkodzo anachira tsiku lomwelo.

Kenako fomula ya 24 ija. Inandikomera, abale. Umangogwira pakakona n'kukoka, manambala n'kumadzisinthira okha, ndiye ndinakoka kutsika, ndinakokanso cham'mbali mpaka inalowa mu kolamu ya mkodzo momwe sinkafunika, mwana wa mazira 3 n'kukhala ndi 72, sikirini yonse heavy infection yokhayokha, ndipo m'malo modabwa ine mtima unadumpha ndi chimwemwe poganiza kuti ndatulukira mliri, moti ndinalemba pa gulupu ya WhatsApp ya kuntchito, m'zilembo zikuluzikulu, kuti praziquantel amene tili naye sakwana, aitanitse wina msanga. Ndinaikaponso ka emoji ka moto. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pofuna kuti odwala kwambiri aoneke pamwamba, ndinasankha kolamu imodzi yokha n'kudina Sort. Excel, mwaulemu wake, inatulutsa kabokosi kondifunsa ngati sindikufuna kutengera limodzi makolamu enawo. Sindinawerenge. Mazira anasamuka, mayina anatsala pomwepo, mazira a mnyamata wa Sitandade 7 wosachoka kudooko n'kupita kwa kamtsikana ka Sitandade 1. Ndinadina Save, pa fayilo yokhayo imene tinali nayo, n'kutseka, n'kupita kukadya chipisi.

M'mawa mwake madamu otiyang'anira anabwera ndi kaundula wa mu labu, uja wachikuto cholimba wolembedwa pamanja, n'kukhala pambali panga. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Chala chawo chinkayenda pamzere, maso pasikirini, ine thukuta kamukamu ngakhale mwera unali ukuwomba, ndikudina Undo mobisa pansi pa chigongono, Undo ali phee.

"Achimwene," anatero, "mwana uyu mu kaundula ali ndi mazira 3. Apa pali 72. Enawa mwaikira ndinu?"

Labu yonse inamva. Pano ndimamata mapepala pa mabotolo a mkodzo, ndipo ngakhale wa kabaza amene amanditenga pa siteji akundiitana kuti a Thadzi.