Mlandu wa Chuku: Agogo Aitanitsa Bwalo

Adzukulu anga nonse, a kuno ndi a kutsidya kwa nyanja omwe, ikani mafoni pansi, mupinde miyendo. Bwalo lakhala. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso. Apilo kulibe, chifukwa agogo anu aamuna, amene akanakumverani chisoni, anatsogola kalekale. Mlandu wake ndi wa chuku.

Ndiyamba ndi iwe wa ku England, poti unadziulula wekha, ukunyadira. Akuti kuseri kwa kabati, pakhoma la chipinda chako chogona, pamera zakudabii, ndipo zovala zonse zikununkha chinyontho. Tsono iwe, mwana wa masatifiketi, sunatenge nsanza kapena kuyang'ana kumene kukuchokera madzi. Unalowa pa intaneti n'kugula kabokosi. M'kabokosimo munali kathepi komata pakhoma kuti katole zakudazo, kathonje ka pakamtengo kopukutira pangodya, ndi kambale kosiya pululu m'chipinda kuti mugwere zimene zikuuluka. Unazikulunga bwinobwino, n'kuzitumiza ku labotale, n'kulipira mapaundi amene kuno akanafolera khitchini yanga ndi malata. Kenako kunabwera pepala la mayina otalika: Cladosporium, Penicillium, Aspergillus. Unandiwerengera pafoni, lilime likupindika, ine ndikuvomera kuti inde, inde, pitirizani abwana. Funso langa linali limodzi, ndipo mpaka lero sunandiyankhe: pepalalo litafika, khoma linauma?

Tamvera, mwana wa mwana wanga. Chuku chimabereka timbewu tosaoneka ndi maso, ndipo timbewuto tili paliponse: panja, m'basi, m'tchalitchi, m'nyumba ya mfumu ndi ya mlonda yemwe. Kambale kako kaja, ukakasiya kotsegula m'nyumba ina iliyonse padziko lino, pamera kanthu ndithu. Ngakhale aja obwera ndi makina opopa mpweya amapeza nambala ya nthawi yomweyo basi. Mukasesa, nambala ikwera. Mukatsegula zenera, isintha. Kukagwa mvula, yasinthanso. Choseketsa kwambiri n'chakuti palibe mulingo wogwirizana wonena kuti timbewu tikafika pakuti m'mpweya, nyumba yaipa, tikachepera apa, nyumba ili bwino. Bungwe la EPA la ku America limanena poyera kuti malire otere kulibe. Anzawo a CDC, oona za matenda, salimbikitsa n'komwe kuyeza chuku cha m'nyumba mwachisawawa. Akuti ngati ukuchiona kapena kuchimva fungo, chichotse, kaya dzina lake ndi liti, ndipo utseke kumene kukuchokera madzi. Azungu a makina aja afika pamene panafika amayi anga ndi tsache.

Ukuti koma chako n'chakuda, ndipo chakuda ndicho chakupha. Nkhani imeneyo ndikuidziwa kumene inachokera. M'zaka za 1993 ndi 1994, mumzinda wa Cleveland ku America, makanda angapo anadwala matenda otaya magazi m'mapapo, ndipo ofufuza analoza chala chuku chakuda chotchedwa Stachybotrys. Mantha anafalikira dziko lonse. Koma mu 2000 a CDC omwewo ataunikanso kafukufukuyo, ananena kuti umboni wake sunakwane. Komanso mitundu ya chuku yooneka yakuda ndi yambirimbiri, ndipo kupeza mtundu wotha kupanga poizoni sikutanthauza kuti poizoniyo wapangidwa kapena kuti walowa m'thupi mwako.

Mlongo wako wa ku America ndiye anaposa. Iye anatumiza mkodzo. Inde, ndanena pabwalo, mkodzo, pa positi, wolipirira! Yankho linabwera loti m'thupi mwake muli poizoni wa chuku, ndipo anayamba kulongedza katundu kuti athawe nyumba. Mwanawe, mu 2015 a CDC anachenjeza kuti mayeso a mkodzo oterewa sanavomerezedwe ngati njira yopezera matenda, ndipo timadontho ta poizoni ameneyu timapezeka ngakhale mwa anthu abwinobwino, chifukwa timalowa ndi chakudya. Sunga mawu amenewo, chakudya, tibwererako.

Musandimve molakwa n'kumakauza anzanu kuti agogo ati chuku cha pakhoma ndi maluwa. Ayi. Nyumba yachinyontho imadzutsa mphumu, imakhosomoletsa, imayabwitsa maso ndi mphuno, ndipo kwa khanda, nkhalamba ngati ine, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, imatha kufika poipa. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, analemba zimenezi mu 2009. Komweko ku England, m'tauni ya Rochdale, mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira mu Disembala 2020, ndipo khoti lofufuza za imfa linapeza mu 2022 kuti chinamupha ndi kupuma chuku kwa nthawi yaitali m'nyumba ya lendi. Makolo ake anali atadandaula kambirimbiri osamveka. Lero kuli lamulo lotchedwa ndi dzina la mwanayo, lokakamiza mabungwe ndi makhonsolo obwereketsa nyumba kuti akalandira dandaulo la chinyontho ndi chuku achitepo kanthu m'masiku owerengeka. Apa nkhope yanga siikuseka. Banja limenelo silinkasowa dzina la chuku, linkasowa munthu wokonza nyumba. Tsono iwe jambula khomalo ndi foni imene umajambulira mbale za chakudya, ulembere mwini nyumba, usunge kalata. Labotale ili ndi malo ake: dokotala akapempha, fungo likamveka koma pomera posaoneka, kapena nkhani ikafika ku khoti. Kupatula apo, tsegula zenera, leka kuyanika zovala m'chipinda chotseka, ndipo chimene chanyowa chiume pasanathe masiku awiri.

Inu a kuno ndakuonani mukuseka. Sekani pang'ono, chifukwa mlandu wanu ndiwo waukulu.

Wina pano anamanga m'dambo poti puloti inali yotsika mtengo, anakana kugula pepala lapulasitiki la pa maziko lija amisiri amati DPC, anapaka penti pulasitala isanaume, ndipo dzinja lililonse amadabwa kuti khoma likutuluka thukuta. Ameneyo sindimuzenga, mvula imuzenga yokha. Ine ndikufuna aja munagwetsa nkhokwe n'kulowetsa chimanga kuchipinda. Chifukwa chake ndikuchidziwa, akuba achuluka, ndipo sindikukutsutsani. Koma taonani mmene mwaikira. Thumba lili pansi penipeni pa simenti, latsamira khoma lonyowa, zenera lakhomedwa ndi misomali, chimangacho munachikolola msanga chisanaume poopa akuba omwewo. Mumaopa banga la pakhoma, pamene mdani weniweni wagona pambali pa bedi lanu, m'thumba.

Dzina lake ndi aflatoxin, poizoni wopangidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus, chokonda mtedza ndi chimanga kumalo otentha. Dziko linamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Amaononga chiwindi. Akachuluka amapha m'masiku ochepa, munthu atachita chikasu, miyendo itatupa. Akamalowa pang'onopang'ono zaka ndi zaka amabweretsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo ofufuza amamugwirizanitsanso ndi kupinimbira kwa ana. Ku Kenya mu 2004, m'madera a Makueni ndi Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 317 anadwala, 125 anamwalira, ndipo ambiri anadya chimanga cholima okha, chosungidwa m'nyumba chisanaume. Apa pafupi, ku Zambia, mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa, ndipo poyeza anapeza poizoni yemweyu wochuluka m'zakudya zopangidwa ndi chimanga.

Tsono apa ndi pamene ine nkhalamba ndimagwadira labotale. Chuku cha pakhoma ndimachiona, ndimachinunkhiza. Poizoni uyu alibe fungo, alibe kakomedwe kake, ndipo njere yooneka yosalala ikhoza kukhala naye. Saopa moto. Kazingani mtedza, phikani nsima mpaka ithyole mthiko, iye ali momwemo. Safunsa anadya phula, eya, koma inu mumafunsa za khoma n'kumadya phula la m'thumba mwakachetechete.

Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu wopitirira mamiligalamu 4 a aflatoxin pa tani imodzi. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Ku America malire ndi mamiligalamu 20. Diso la munthu lingaone zimenezo? Kale, m'zaka za m'ma 1970, mtedza wathu wa Chalimbana unkakwera sitima kupita ku Ulaya, ndipo chimodzi mwa zimene zinatitsekera msika umenewo ndi poizoni yemweyu. N'chifukwa chake ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, akatswiri a ICRISAT akhala akuyeza mtedza, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza chiponde ndi ufa wogulitsa m'masitolo. Masiku ano kulinso timapepala toviika m'madzi osungunulira ufa woyezedwawo, toonetsa mizere ngati kachida koyezera malungo kuchipatala, ndipo yankho limatuluka m'mphindi zowerengeka.

Koma ngakhale apa pali nzeru imene inu a changu simungaipirire. Poizoniyu sagawanika mofanana m'thumba. Njere zochepa chabe, zobisala pakati, zikhoza kuipitsa mulu wonse. Ukatapa dzanja limodzi pamwamba n'kupita nalo ku labotale, makina anena zoona za dzanja limodzilo, za thumba sanena. Ndiye oyeza enieni amabaya matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi. Pa katundu wochuluka wolowa ku Ulaya amatapa malo okwana 100 mpaka mtedza ufike makilogalamu 20, n'kuupera, kenako n'kuyeza. Labotale ndi mboni yokhulupirika, koma imayankha chokhacho chimene mwaifunsa.

Tsopano imirira iwe wa geni ya mtedza, anthu akuone. Ndamva kuti umawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ndipo nthawi zina umawazanso pa mtedza woswa kale kuti sikelo ikukonde. Ukatero umaumanga m'thumba uli wonyowa. Mwanawe, kumeneko ndi kulima chuku ndi manja ako. Ndipo inu amayi a ana, mumasankha mtedza wonenepa n'kupita nawo kumsika, wonyala, wosweka, wobooka ndi wosintha mtundu n'kuusinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Wosankhidwa adye mlendo wa ndalama, wotsala adye mwana wanu wobala nokha! Mtedza wotsalawo ndi umene umasenza poizoni wambiri. Umenewo ndi wokwirira kudzala. Osapatsa mwana, osaphikira mowa, osaponyera nkhuku.

Mumandiseka kuti ndimataya nthawi ndi kupeta, kusankha, kukonola ndi kuviika mphale. Ofufuza a konkuno anayeza, ndipo anapeza kuti kusankha njere zowola, kukonola ndi kuviika kumachepetsa kwambiri poizoni mu ufa, poti wambiri amatsalira ku madeya. Sindikuti musiye mgaiwa, uli ndi ubwino wake, koma mgaiwa umafuna chimanga chouma bwino ndi chosankhidwa. Madeya a chimanga chowola musapatse ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyo amadutsa m'thupi mwake n'kutulukira mu mkaka womwe mukathire mu tiyi.

Alangizi amati chimanga chosunga chikhale ndi chinyezi chosapitirira 13 peresenti. Mulibe makina? Tengani botolo lagalasi louma, muthiremo chimanga ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwererani nacho padzuwa, ndipo muyanike pa mphasa kapena pa lona, osati padothi. Chikauma, thumba likhale pa thandala, litalikirane ndi khoma, mphepo izidutsa. Amene angathe agule matumba aja osalowa mpweya a PICS, koma adziwe kuti thumba siliumitsa chimanga chonyowa.

Chigamulo nachi. Iwe wa ku England ndi mlongo wako wa mkodzo, bwalo lakuchitirani chifundo poti munalakwa ndi mantha, koma ndalama za kabokosi kachiwiri zibwere kuno zidzagule lona ndi matabwa a thandala. Iwe wa geni, Loweruka m'mawa ufike pakhonde langa ndi thumba lako ndi lichero, tidzasankhe njere imodziimodzi mpaka msana ukuuze zoona. Ubwere ndi ana ako omwe, ndikufuna ndione zimene zimalowa m'phala lawo.