Mpheta za alamu zandilanda mpando

Anzanga amene tinakulira limodzi ku Nyimba, mukawerenga izi chonde musakauze amalume. Mnyamata uja munkamutama pa legeni, uja ankabwera madzulo mpheta zili lende pa lamba wa kabudula, lero amalawirira m'mamawa kukasinthira mpheta madzi osamba. Akumwa ali ndi kambale kawokawo.

Anandiika m'mavutowa ndi alamu anga a ku Lusaka. Anasamuka nyumba, ndipo mwini nyumba yatsopanoyo salola chiweto chilichonse. Tsiku lina anangoimba foni kuti ndikadikire basi pamphambano ya Petauke, kondakitala ali ndi katundu wanga. Kondakitala atanditsitsira katoni ya nsapato, mano onse anali panja, poti alamuwo anandilonjeza nsapato kalekale. Koma katoniyo inali ndi timabowo, ndipo m'kati munkalira kanthu ngati kalipenga ka ana ka pa Khrisimasi. Makilomita 400 onsewo, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukwera zitunda za ku Kacholola, kunyamula timbalame tiwiri toti mutatiwotcha sitingatsitse ngakhale mbamu zitatu za nsima.

Alamu anati dzina lake ndi zebra finch, kwawo kwenikweni ndi ku Australia, ngakhale kuti izi zinaswedwera m'khola mu Lusaka momwemo. Yaimuna ili ndi masaya a mtundu wa lalanje ndi timizere ta mbidzi pakhosi, yaikazi ndi yotuwa chabe. Iliyonse siifika magalamu 20. Apongozi, amene anali atabwera kudzaona zidzukulu, anasuzumira m'katonimo nthawi yaitali. Kenako anafunsa mwana wawo, mokweza mawu kuti mkamwini amve ali kukhonde: "Lomba zikakula, mugawana tyani nyumba yonseyi?" Amake ana atayankha kuti zakula kale ndiponso sizodya, apongozi anangoti "Oo," ndipo ndinamva ulemu wanga ukuchepa m'mawu amodziwo.

Khola loyamba silinandivute kuganiza. Mbalame ndi mbalame. Ndinatenga chikwere chimene timanyamulira nkhuku popita kumaliro, ndinachikuntha fumbi, ndinaikamo alendowo, ndi kuchikhazika patebulo. Ndisanatembenuke n'komwe, yaimuna inali itatera pa chithunzi chathu cha ukwati. Inatulukira pampata wa nsungwi ngati munthu wotuluka pachipata cha tchalitchi, osagunda paliponse. Zimene zinatsatira anthu a m'dera lathu akuzikambabe. Ana kutseka mawindo, amake ana kuthamangitsa mphaka ndi chipande, ine ndakwera pampando ndi neti ya udzudzu m'manja. Mbalame tinaigwira. Galasi la kabati ya mbale za alendo ndilo silinapulumuke.

Usiku umenewo alamu anandiphunzitsa pafoni ngati mwana wa giredi 1. Mipata ya waya isapitirire sentimita imodzi, ikachuluka 1.2, chifukwa pomwe papita mutu thupi lonse lipita, ndipo pomwe papita mutu wokha mbalame imadzipachika. Ndinati ndamva. Chimene ndinamva ine n'chakuti pakufunika khola la kusitolo.

Ndinalipeza m'sitolo ina ya katundu wakale m'boma muno, ndipo nditangoliona mtima unagwa. Lozungulira, lalitali, lopaka golide, pamwamba pali kadenga konga ka mzikiti ndi ngowe yopachikira. Ndinaona kale m'maganizo a m'komiti ya kutchalitchi atakhala pabalaza panga, akumwa tiyi, akufunsana chamumtima kuti kodi munthuyu ndalama akuzitenga kuti. Mtengo wake sindinena, poti amake ana amawerenga nyuzipepala ino ndipo iwo ndinawauza wina. Ndingoti chaka chino munda wa kudambo unaona feteleza wochepa.

Mbalame zinakhalamo mlungu wathunthu ngati anthu odikira chigamulo pabwalo la amfumu. Zimati zikadumpha zagunda waya, zikabwerera zagundanso waya. Ndinajambula chithunzi ndi kutumiza pa WhatsApp kuti alamu andiyamikire. Anaimba nthawi yomweyo.

"Alamu, mwagula khola kapena nyali?"

Ndiye anandifotokozera. Chinkhwe chimakwera waya ndi mlomo ndi miyendo, n'chifukwa chake khola lalitali limachikomera. Timbalame iti sitikwera. Moyo wake wonse ndi kuuluka chopingasa, kuchoka pa kamtengo aka kukatera pa ako, kubwereranso, tsiku lonse. Kutalika kopita kudenga n'kopanda ntchito, chofunika ndi mulitali. Tiwiri tokha timafuna khola la masentimita osachepera 75 mulitali, 45 mulifupi ndi 45 kupita m'mwamba, ndipo likaposa apo ndiye bwino. Lozungulira lilibe ngodya yoti kambalame kabisalemo kakachita mantha, komanso waya wake amakathithikana pamwamba, pomwe kachala kamatha kupanikizika. Ndinafunsa ngati sindingangosiyamo imodzi kuti malo akwane. Anati izi zimakhala m'magulu kwawo, ikatsala yokha imafooka. Ndinaganiza za amalume, amene akhala okha zaka zambiri ndipo akungonenepa, koma sindinanene.

Apa ndinakumbukira kuti ku Nyimba kuli mnzanga wa ubwana amene amawotcherera zitsulo. Amakonza ngolo za ng'ombe, zitseko za masitolo ndi zitsulo za m'mawindo, ndipo ntchito yake mbala imaiona n'kubwerera. Ndinamulembera miyeso pa kapepala, koma chifukwa cha manyazi sindinamuuze chokhalamo. Ndinangoti, "Chisatuluke, ndiponso chisalowe chilichonse."

Nditapita kukatenga, ndinapeza anthu ataunjikana. Mnzangayo anali atagwiritsa ntchito zitsulo zomwezija za mawindo, chitseko chokhala ndi loko wamkulu, miyendo inayi yoti mukhoza kuimikapo thanki ya madzi. Tinanyamula anthu atatu. Amayi ogulitsa nthochi pamsewu, amene amadziwa nkhani ya munthu aliyense wodutsa pa Nyimba, anafunsa ngati ndagwira fisi. Wina anati ayi, ndi khola la nyani. Kondakitala wa minibasi anandilipiritsa mipando iwiri, n'kulimangirira kumbuyo pamodzi ndi mikoko ya nthochi, ndipo ulendo wonse wobwerera ku Petauke anthu ankapikisana kulosera chilombo changa. Ine chete. Ukawauza kuti ndi la mpheta ziwiri, ungatsike pati?

Pa makola onse atatu, chilombo cha ku Nyimba ndicho chinayandikira choonadi, chifukwa mulitali chinali mita yathunthu. Zotsalazo ndinakonza pang'onopang'ono, alamu akulamula pafoni. Tinakuta ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono, umene umaletsanso khoswe ndi njoka. Wayayo amakhala wokutidwa ndi zinki, yemwe ndi poizoni kwa mbalame ikamajompha, ndiye ndinakhala Loweruka lonse ndikumukwecha ndi burashi ndi viniga mpaka zotuwa zonse zitachoka, ana akundionerera ngati filimu. Penti wakale wa m'chitini cha mnzanga tinamupala, poti penti wina amakhala ndi mtovu. Kalipentala anawonjezera thireyi yosolola pansi. Imeneyi musaiiwale, abale anga. Kanthu kosafika magalamu 20 kamachita chimbudzi ngati kali pa ganyu, ndipo popanda thireyi mudzalowetsa mkono mpaka paphewa tsiku lililonse, mbalame zikuthawira uku ndi uku. Ine ndimayalapo nyuzipepala, ndipo sabata zina imakhala nkhope yanga yomwe ili pamwamba pa danga lino.

Timitengo toterapo ndinathyola mumtengo wa gwafa, tina tonenepa tina toonda kuti mapazi asatope ndi kugwira mofanana. Poyamba ndinadzaza khola lonse ngati thandala loyanikapo mbale. Alamu anati ndichotse, ndisiye kumapeto kuno ndi kumapeto uko, pakati pakhale msewu woulukamo, ndipo pasakhale kamtengo pamwamba pa mbale ya chakudya kapena ya madzi. Chifukwa chake mwachidziwa kale.

Nkhondo yaikulu inali ya malo. Ine ndinati kukhitchini, pafupi ndi nkhuku zinzake. Koma kwathu magetsi akazima, monga mudziwa mmene amazimira, timalowetsa mbaula, ndipo mpweya wa makala umapha kambalame munthu asanamve ngakhale mutu. Alamu anandiuza kuti ku migodi ya malasha ya ku Britain ankatsika ndi timbalame totchedwa canary, kuti tikagwa anthu adziwe kuti mpweya waipa, ndipo anasiya zimenezi mu 1986. Kuchipinda nakonso kunakanika, chifukwa timayatsa koyilo ya udzudzu ndi kupopera mankhwala. Pawindo ayi, dzuwa la mu Okutobala la kuno likhoza kuziphika, ndipo mphepo ya mu Juni imalowera pomwepo. Pansi ayi, pali mphaka. Pafupi ndi chitseko ayi, ana amamenyetsa. Panafunika khoma lowala bwino, lopanda mphepo, khola likhale m'mwamba pofika pachifuwa cha munthu, mbali imodzi itatsamira khoma. M'nyumba yonse malo otere analipo amodzi okha, pamene panali mpando wanga, umene ndakhala ndikumverapo nkhani za pawailesi chikwatirireni.

Tsopano ndimakhala pa kampando ka ana pafupi ndi chitseko. Akabwera opopera mankhwala a malungo, anthu amatulutsa ufa ndi ziwiya, ine ndimayamba ndaitana anyamata awiri kuti tinyamule khola, ndipo limagona kwa aneba mpaka fungo litatheratu.

Anebawo ndi Mbemba, mbuya wanga, ndiye mukudziwa kuti pakamwa pake palibe chitseko. Tsiku loyamba anaima pakhomo n'kufuula kuti msewu wonse umve: "Akum'mawa inu, mbewa zatha kutchire, mwayamba kuweta ndiwo pabalaza?" Ndinamuyankha kuti khola ndinapangira nyani wake, kuti Khrisimasi ino asavutike kusaka. Koma ndi iye yemweyo anandipulumutsa tsiku lina. Nditaona kuti malo atsala, ndinaganiza zotchera ulimbo kudambo ndigwire timbalame tathu tija ta pamimba pobiriwira ngati thambo, tiwonjezere chiwerengero. Iye anandikumbutsa kuti lamulo la nyama zakutchire la 2015 limaika nyama zonse zakutchire m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, mbalame zomwe, ndipo kusunga yakutchire kumafuna chilolezo cha a DNPW, aja tinkawatcha ZAWA. Ndinakhala pansi n'kuwerenga mpheta zonse zimene ndinadya ku Nyimba kuyambira ndili giredi 2. Ulimbo ndinautaya m'chimbudzi usiku womwewo.

Pa chakudya ndinatsala pang'ono kuzipha ndi njala mbale ili yodzaza. Zimadya mawere ndi timbewu tina tating'ono, koma zimasenda kambewu kalikonse n'kusiya mankhusu momwemo. Ine ndikayang'ana ndinkati chakudya chilipo, mpaka mwana wanga wamng'ono anauzira m'mbalemo ndipo zonse zinauluka, pansi mbee. Kuyambira pamenepo ndimapeta mbale ya mpheta m'mawa uliwonse, ine amene sindinagwirepo lichero. Ndimawonjezera kamasamba ndi zikamba za mazira zowiritsa n'kusinja. Mawere ndimagula pamsika, kwa mayi amene amakhulupirira kuti ndayamba kufulula mowa, ndipo sindinawatsutse chifukwa mbiri imeneyo ndi yolemekezeka kuposa yoona.

Pena madzulo, ana akagona, ndimakoka kampando kanga n'kuyang'ana. Yaimuna imauluka mita yake yonse, kutera, kuimba kalipenga kake, yaikazi osalabadira, iyo kubwereranso kukayesa mbali ina. Amake ana akuti zimawakumbutsa munthu wina amene ankadutsa pakhomo pa makolo awo kasanu pa tsiku ndi njinga yobwereka.

Mlungu wathawu mwana anaikamo kadengu kakang'ono ndi udzu wouma, osandifunsa. Dzulo ndapezamo mazira anayi. Alamu akuti amaswa pakatha masabata awiri, ndipo ana akakula khola limenelo lichepa, ndiyambiretu kuganiza za lina. Mnzanga wa ku Nyimba ndamuimbira kale, ndipo ulendo uno ndamuuza zoona. Anaseka mpaka foni inaduka.

Amene akufuna khola lagolide lozungulira andipeze pamsika wa Petauke Loweruka m'mawa, pamzere wa mawere. Pakali pano amake ana akusungiramo anyezi, ndiye mubwere ndi thumba lanu.