Agogo Sagulitsidwa

Tayala la njinga lakweranso mtengo pa Chongwe. Ndalama imene chaka chatha inkagula tayala ndi chubu chomwe, lero ikungokwanira chubu, ndipo wogulitsa akuti ndithokoze kuti valavu sakuiwerengera payokha. Nditafunsa chifukwa anati, "Akulu, ndi dola." Kwacha itapezako mphamvu ndinabwereranso, iye n'kuti, "Akulu, uyu ndi katundu wakale, tinaoda dola ili kumwamba." Dola imeneyi chibadwire sindinaigwirepo, koma imadya nane m'mbale imodzi.

Tayalalo ndi la Agogo. Agogo ndi njinga yanga, Eagle yakuda imene malemu atate anagula nthawi ya Kaunda, yochokera ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata. Pakhomo pathu mwana sakwera pa keliyala pawo asanapemphe. Aona mapulezidenti asanu ndi awiri, onse anawapeza akupalasidwa. Boma litachotsa ziro zitatu pa kwacha mu 2013, ine ndinkangolakalaka atandipatsako ziwiri ndiike ngati mawilo, pakuti a Agogo anasiya kale kukhala ozungulira.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera mphwanga amene akuphunzira ku Chalimbana, foni ili m'manja. "Amalume, mwakhalira chuma!" Anandionetsa pa Facebook kuti ku England kuli anthu, oti galimoto ali nazo, amene amasakasaka njinga zakale, ma Raleigh a ku Nottingham ndi ma Humber. Amazipala dzimbiri, kuzipaka penti, kupukuta sipoko imodziimodzi, akamaliza n'kuzipachika pakhoma m'chipinda chochezera. Sazikwera ayi. Amangoziyang'ana akumwa tiyi, ndipo amagulitsana pa ndalama zoti kuno mungagule ng'ombe ndi ngolo yake.

Usiku womwewo Agogo anachoka pakhonde n'kulowa m'nyumba. Ndinalengeza kuti kuyambira tsopano ndine wosonkhanitsa njinga zakale. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali. "Atate a ana, wosonkhanitsa amakhala nazo zambiri. Inu muli nayo imodzi, nayonso ikafika pachitunda ndi inu amene mumainyamula." Ndinawakumbutsa kuti munthu wamkulu sathamangitsidwa pachitunda, amayendetsedwa pang'onopang'ono, womuperekeza ali pambali.

Vuto linabwera mphwanga atawerenga lamulo la azunguwo: njinga imakhala yamtengo zitsulo zake zikakhala zomwe inatuluka nazo ku fakitale. Tinayamba kalembera. Belu ndi la Phoenix ya ku Shanghai, ndinalipeza pamaliro a njinga ya mnansi. Tcheni ndi cha Hero ya ku India. Pedulo ya kumanja inatsala chitsulo chokha, ya kumanzere ndi thabwa limene ndinasema ndekha. Chishalo chinamangidwa ndi mphira, kotapini ndi msomali, ndipo mabuleki ndi chidendene cha nsapato yanga. Madigadi anapita nthawi ya Chiluba pamodzi ndi makampani ambiri a boma. Tinatsala ndi felemu, koma nayo inawotcheredwa kambiri moti mphwanga anati sakudziwa ngati akuona Eagle kapena geti.

Sindinagwe mphwayi. Ndinawaperekeza Agogo kwa mmisiri wa pansi pa mtengo kuti awabwezere unyamata. Anawagoneka chagada, napukusa wilo, namvetsera kulira kwa habu, kenaka anavula chipewa. "Amdala, apa pofunika si sipanala. Dziwitsani achibale." Ndinamuuza kuti ku England akanagwada. Anati ndipite nawo ku England komweko, koma ndisawakwere.

Pobwerera ndinaima pafupi ndi Buffalo yatsopano, ija ya World Bicycle Relief imene keliyala yake imasenza makilogalamu 100. Ndinangofunsa mtengo basi. Agogo anamva, ndipo tcheni chinaguluka pomwepo.

Komatu amene akufuna kuona njinga zakale asavutike ndi foni. Adzaime pa Great East Road m'bandakucha aone amuna akukankha matumba a malasha ounjikidwa kupitirira mutu, ulendo wa ku Lusaka, makilomita oposa 40. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumasowa tsiku lonse, nsima ya m'makomboni ambiri inaphikidwa ndi moto wobwera pa njinga zimenezi. Palibe mmodzi mwa amunawa amene amasunga njinga yakale chifukwa chokonda zakale. Yatsopano sangaikwanitse, fakitale ya ku Chipata ija inaleka, ndipo dziko lokumba mkuwa likuitanitsa kunja ngakhale belu. Pamsewupo wanjinga amawerengedwa ngati chopinga: lole ikaliza hutala, iye ndi katundu wake alowe m'thengo. Zimenezi sizindiseketsa, ndipo amene amajambula misewu yathu ali m'maofesi ozizira anayenera kuchita nazo manyazi.

Koma tisiye izo, Agogo sakonda ndale. Panopa ali pabalaza, atatsamira khoma pamene panali mpando wa alendo, ndipo alendo akumakhala pamphasa. Ana ndawauza kuti wofuna kuwaona azilipira, ngakhale mpaka lero amene wabwera ndi nkhuku yokha. Kuchigayo ndikupita wapansi, thumba lili pamutu, anthu akumandifunsa ngati njinga ndinagulitsa. Ndikumayankha kuti ikukwera mtengo kunyumba.

Ngati mwa inu owerenga muli wina amene ali ndi mnzake ku Nottingham, mumuuze kuti pa Chongwe pali Eagle ya nthawi ya UNIP yoti sadzaionanso kwina. Mumuuzenso kuti Agogo sagulitsidwa. Za belu lokha tikhoza kukambirana.