Anayi-anayi Pamwamba pa Zambezi

Ku Florida, m'dziko la America, kuli anthu amene ali pa mavuto, ndipo ife a ku Tete tikuyenera kuwapepesa. Pa malo achisangalalo a Walt Disney World anawamangira timabokosi tolendewera pa nthambo yachitsulo, totchedwa gondola, toti tiziwanyamula m'mwamba kuchokera ku hotela kukafika kumene akukasewera. Dzina lake ndi Skyliner, ndipo inatsegulidwa pa 29 Seputembala 2019. M'kabokosi kamodzi mumalowa anthu 10, aliyense ndi pokhala pake, mawindo mbali zonse. Madandaulo awo ndi akuti mulibe makina oziziritsa mpweya, kuti mphezi zikayamba kung'anima ulendo umaima, komanso kuti nthawi zina amakukhazika pamodzi ndi banja la eni ake limene sukulidziwa. Sabata isanathe chitsegulireni, nthambo inaima usiku wina anthu ali m'mwamba, nalendewera kwa maola pafupifupi atatu, ndipo nkhaniyo inadzaza m'manyuzipepala.

Maola atatu okha! Kuno munthu akachedwa maola atatu panjira sauza ngakhale mkazi wake, poti palibe nkhani.

Komatu pa zolendewera, Tete sanatsalire. Nafenso timawoloka Zambezi titapachikidwa pa nthambo, ndipo tinayamba kalekale, mu 1973, pamene Apwitikizi anamaliza mlatho umene lero ukutchedwa Samora Machel. Anaujambula ndi injiniya Edgar Cardoso. Ndi wotalika mamita oposa 700, ndipo msewu wake wonse umalendewera pa nthambo zochokera pa nsanamira zazitali zozikika mumtsinje. Galimoto yolemera ikamadutsa, woyenda pansi amamva mlatho ukunjenjemera kuphazi, chinthu chimene ku Florida amachilipira madola ambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kabokosi kathu kali ndi mateyala, dzina lake ndi chapa, ndipo kakawerenga mpaka 10 kamakhala kakungoyamba kumene.

Chapa ndi minibasi ya Toyota HiAce imene ku Japan inapuma pa ntchito n'kubwera kuno kudzayamba moyo. Amene anaipanga anaika malo a anthu atatu pa mzere uliwonse, chifukwa sanafunse kondakitala. Kondakitala amadziwa kuti mzere ndi wa anayi, kuti mwana wa pamiyendo sawerengedwa, nkhuku siwerengedwa, ndipo thumba la makala ndi mpando wowonjezera. Ukamayandikira sakuyang'ana kumaso ayi, amakuyang'ana m'chiuno, n'kuwerengera chamumtima kuti ukwana pakati pa yani ndi yani. Sukulu sanapite nayo patali, koma Cardoso akanamuona akanamulemba ntchito tsiku lomwelo.

Mpando uliwonse uli ndi udindo wake. Wakutsogolo ndi wa abwana, kapena wa mtsikana amene dalaivala wamusankha yekha ndi maso. Wa pawindo ndi mfumu ya mpweya: akatseka poopa fumbi nonse mumapsa, akatsegula mayi wa tsitsi la kusaluni amamuponyera diso loti tionana. Wa pakhomo ntchito yake ndi kutsika pa siteji iliyonse kuti anzake adutse, n'kukweranso, moti pofika amakhala atatopa kuposa amene wayenda wapansi, koma ndalama walipira yonse. Wa pakati ndi msungichuma: ndalama za kumbuyo zimadzera m'manja mwake, ndipo zikaperewera onse amayang'ana iye. Ndiye pali kabenchi kaja ka kumbuyo kwa dalaivala, koyandikana ndi injini, koyang'ana chakumbuyo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa Tete kukamadutsa madigiri 40 dzuwa likuswa mtengo, kabenchi kameneka kamakhala ngati chiwaya cha tchipisi, ndipo wokhalapo amangosinthasintha mbali kuti apse mofanana. Maondo ake amalukana ndi a munthu amene akuyang'anizana naye. Pofika kutsidya amakhala atadziwana mpaka mayina a ana.

Tsiku lina masana, pa Matundo, kutsidya kwa mlathowu, m'chapa munakwera bambo wina wa jekete. Jekete ku Tete, dzuwa lili paliwombo! Tonse tinadziwa kuti ameneyu wachokera kutali ndipo akufuna timufunse. Tinagwirizana ndi maso kuti tisamufunse.

"Amalume, senderani pang'ono akhale mayiwa," anatero kondakitala.

"Ndisendere kuti, mwana iwe? Panja?"

"Ingopumirani m'kati, malo apezeka."

Malo anapezekadi. Mayiwo anakhala ndi ntchafu imodzi, dengu lawo la nsomba zouma za chicoa analisanjika pamiyendo pa bambo wa jekete, mwana anam'patsira agogo ena a mzere wakumbuyo amene sanawaonepo chibadwire. Agogowo anangomulandira osafunsa, n'kuyamba kumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje.

"Ku Cape Town zoterezi kulibe," anayamba yekha bamboyo, mutu atautulutsira pambali pa dengu. Anatifotokozera za gondola yokwera phiri la Table Mountain, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1929. Anati m'bokosi limodzi mumalowa anthu 65, pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone nyanja ndi mzinda popanda kukankha mnzake, ndipo m'mphindi zisanu mwafika pamwamba. Kukachita mphepo yambiri amatseka, aliyense n'kubwerera kwawo. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zimene zinatipweteka.

Kondakitala, amene theka la thupi lake linali panja, anabweza mutu m'kati.

"Amalume, nanga munthu akaimika panjira?"

"Panjira pake ndi m'mlengalenga."

"Ndiye limangopita osatola aliyense?"

"Osatola."

"Aaa, bizinesi yotayitsa imeneyo."

Apa m'pamene nyumba ya malamulo inatsegulidwa, pakuti chapa iliyonse ikafika pa mzere wa galimoto wolowera pa mlatho imasanduka nyumba ya malamulo, ndipo aphungu ake sasowa chonena. Mfundo inali yakuti boma litimangire gondola yathu, kuchokera pa Matundo kukatsikira pa msika wa Kwachena. Mnyamata wina wa foni ziwiri anaivomereza, nati idzakopa alendo. Mayi wa nsomba anafunsa ngati dengu adzalilipiritse padera. Mkulu wina wa chipewa anafunsa za mbuzi, poti Tete ndi kwawo kwa mbuzi, ndipo chinthu chonyamula anthu koma chokana mbuzi n'chonyoza chigawo chonse. Anagwirizana kuti mbuzi izikwera, koma yomanga miyendo, ndipo izikhala pansi pa mpando monga mwa nthawi zonse.

Vuto linabuka pamene bambo wa jekete ananena kuti gondola za masiku ano siziima kudikira munthu, zimangoyenda pang'onopang'ono pa siteshoni, iwe n'kulowa. Kondakitala anagwira pakamwa. Kunyamuka chisanadzaze? Nanga anyamata oitanira adzadya chiyani? Nanga aja amene ntchito yawo ndi kukhala m'chapa yopanda anthu kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, n'kumatsika mmodzimmodzi enieni akamalowa, adzatsikira pati? Dalaivala naye amene amaliza injini, kuyendetsa mamita awiri, n'kubwereranso chambuyo kuti wa kutali athamange, luso lakelo lidzapita kuti? Nyumba inaona kuti gondola idzachotsa ntchito anthu ambiri amene ntchito yawo ndi kutichedwetsa, ndipo inamva chisoni.

Kenako agogo aja, mwana wa eni ali gone pachifuwa, anafunsa funso limene aliyense analiopa: chimayendera chiyani? Magetsi. M'chapa munati zii. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, limatulutsa mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa iwo amakwera nthambo zawozawo ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 kukatsikira kufupi ndi Johannesburg. Magetsi ndiwo anayamba kukwera gondola kuno, ndipo sanayang'ane m'mbuyo.

"Ndiye akathima tili pakati pa mtsinje," anatero agogowo, "pansi pali ng'ona ndi mvuu, tidzatsika ndani kuti akankhe?"

Bambo wa jekete anati ku America amaika kathumba ka madzi akumwa m'kabokosi kalikonse, kodikirira tsiku la ngozi. Anthu anaseka chikhakhali. Kuno kathumbako kadzatha tsiku lotsegulira, nduna isanadule riboni. Komanso n'kosafunika. Gondola itaima mphindi khumi zokha pamwamba pa Zambezi, pansi padzafika mabwato a anyamata ogulitsa madzi ozizira a m'timajumbo, mazira owiritsa ndi mayunitsi a foni, atamangirira malonda awo ku nsungwi zazitali, mtengo utakwera kawiri chifukwa cha kutalika. M'busa amene sasowa m'chapa iliyonse adzakhala atapeza mpingo wosatha kuthawa.

Mnyamata wa foni ziwiri anayesa kupulumutsa mfundo yake. Anati ubwino wake ndi wakuti m'mwamba mulibe anthu a malaya oyera oimika galimoto kufunsa mapepala. Dalaivala, amene chiyambire ulendo sanatsegule pakamwa, anayankha maso ali kumsewu: "Adzapeza makwerero."

Nthawi yonseyi tinali tikukwawa pa mlatho, thukuta lili kamukamu. Pamene mlatho wachiwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014 chakumunsi kwa mzinda, tinkati zathu zayera, chifukwa mathiraki opita ku Zóbuè ndi ku Cuchamano, amene ankandanda mizere italiitali kudikira kuwoloka, anapatsidwa njira yawo. Malo amene anasiya anadzaza tsiku lomwelo ndi njinga zamoto ndi machopela a mateyala atatu, zolowa paliponse pamene pangalowe mphepo. Walira mvula walira matope: malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, anabweretsa ndalama, ndalama zinabweretsa anthu, ndipo anthu onsewo ali ndi chochita kutsidya nthawi imodzi. Pambali pathu panali galimoto yoyera ya kumigodi, yaitali miyendo, magalasi otseka, m'kati muli munthu mmodzi yekha atavala juzi chifukwa cha kuzizira. Imeneyo ndiyo gondola yeniyeni ya Tete, ndipo m'chapa monse munalibe amene akanakana kusinthana naye, ngakhale agogo aja. Tisanamizane kuti timathinana chifukwa chokondana. Chotonthoza chinali chimodzi: nayenso ankayenda liwiro la mbuzi yokokedwa pa chingwe imene inatipitirira tonse m'mbali mwa mlatho.

Tinafika pa Kwachena nyumba ya malamulo isanavote. Bambo wa jekete anali atapereka ndalama yaikulu pa Matundo pomwe, nauzidwa kuti chenje alandira kutsogolo. Mayi wa nsomba nawonso ankadikira yawo. Kondakitala anasanthula m'matumba onse, anatambasula zala zimene anapanirapo mametikali opindapinda, anafunsa dalaivala, anayang'ana kumwamba. Kenako anatulutsa ndalama imodzi ya pepala n'kuigwiritsa onse awiri.

"Amalume, mayi, iyi ndi ya nonse. Mukagawane bwino."

Chapa inanyamuka chitseko chikulendewera. Mayiwo anabereka mwana, ndalama anaimanga pa nsonga ya chitenje poti mwamuna wachilendo sadalirika, ndipo bamboyo, posafuna kutaya chenje yake, ananyamula dengu n'kuwatsatira kulowa mumsika kukafuna wosintha, jekete ikununkha chicoa. Asanafike pa benchi lachitatu, amayi ogulitsa tomato anali atayamba kale kumutchula kuti alamu.